Digiri ya mbiri yakale ku America: zimene wophunzira ayenera kukwaniritsa ku Takoma Park

Mwana akalandira kalata yomuitana ku yunivesite ya ku America, pakhomo pamamveka nthungululu. Komatu kalatayo imangotsegula chitseko. Chimene chimagamula ngati mwanayo adzatuluka ndi digiri pakutha pa zaka zinayi, kapena adzafunika chaka chachisanu ndi ndalama zina zimene banja silidaziwerengere, ndi buku lina limene ambiri saliwerenga. Ili ndi buku la malamulo a maphunziro, limene sukulu iliyonse ya ukachenjede imatulutsa chaka ndi chaka. M'menemo mudalembedwa maphunziro onse amene munthu ayenera kukhoza, ndondomeko yake, ndiponso magiredi ochepetsetsa amene sukulu ingavomere.

Nkhani ino ikufotokoza zimene zimafunika kuti munthu apeze digiri yoyamba m'phunziro la mbiri yakale, potengera chitsanzo cha Takoma Park, tauni yaing'ono yochita malire ndi mzinda wa Washington. Zambiri mwa izi n'zofanana m'sukulu zina za m'dzikolo, choncho zingathandize aliyense amene akulingalira za ulendowu, ngakhalenso kholo limene likufuna kumvetsa chimene mwana wake akuchita kutsidya kwa nyanja.

Tauniyi ndi sukulu zake

Takoma Park ili m'chigawo cha Maryland, m'boma la Montgomery County, ndipo kalembera wa 2020 adapeza kuti muli anthu pafupifupi 17,600. Adaiyambitsa mu 1883 ndi Benjamin Franklin Gilbert, amene ankagulitsa malo m'mbali mwa njanji kwa anthu ogwira ntchito ku Washington. Lero sitima ya Metro ya mzere wofiira imaima pa siteshoni ya Takoma, m'malire enieni a tauniyi ndi likulu la dzikolo.

Dzina la tauniyi n'lodziwika chifukwa cha mpingo wa Seventh-day Adventist. Mpingowu udasamutsa likulu lake kuchoka ku Battle Creek mu 1903 n'kudzakhazikika m'dera limeneli, ndipo udakhalamo kufikira 1989 pamene udasunthira ku Silver Spring, chapafupi pomwepo. Mu 1904 udatsegula sukulu yotchedwa Washington Training College. Sukuluyi idasintha dzina kangapo: mu 1914 idakhala Washington Missionary College, mu 1961 Columbia Union College, ndipo kuyambira 2009 imatchedwa Washington Adventist University. Ili pa msewu wa Flower Avenue, imalandira ophunzira a chipembedzo chilichonse, ndipo yakhala ikuphunzitsa mbiri yakale pamodzi ndi maphunziro a ndale.

Sukulu yachiwiri ndi Montgomery College, imene idayamba mu 1946 ndipo idatsegula nthambi yake ku Takoma Park mu 1950. Iyi ndi koleji ya boma ya zaka ziwiri. Sipereka digiri yathunthu ya zaka zinayi, koma imakonzekeretsa ophunzira kuti akamalize kwina. Ambiri mwa iwo amapita ku University of Maryland, yunivesite yaikulu ya boma imene ili ku College Park, makilomita ochepa chakum'mawa. Motero wokhala ku Takoma Park ali ndi njira ziwiri zofikira digiri ya mbiri yakale: kukhala zaka zinayi pa sukulu imodzi, kapena kugawa zakazo pakati pa koleji ndi yunivesite.

Mawu atatu amene amasokoneza

Tisanalowe m'zofunikazo, ndi bwino kuwongola mawu atatu amene tanthauzo lake ku America n'losiyana ndi la kwathu.

Loyamba ndi kosi. Ku Malawi munthu akati akuchita kosi ya unamwino, amatanthauza maphunziro onse a zaka zingapo. Ku America kosi ndi phunziro limodzi lokha lotenga semesita imodzi, mwachitsanzo mbiri ya Africa kuyambira 1800. Digiri yonse imapangidwa ndi makosi pafupifupi 40.

Lachiwiri ndi kirediti. Pa mayeso a MSCE kirediti ndi giredi, kuyambira 3 mpaka 6. Ku America kirediti ndi muyeso wa ntchito. Malinga ndi malamulo a unduna wa zamaphunziro wa dzikolo, kirediti imodzi imaimira ola limodzi la m'kalasi ndi maola awiri owerenga pawekha sabata iliyonse, kwa masabata pafupifupi 15. Makosi ambiri a mbiri yakale amakhala a makirediti atatu. Digiri yoyamba nthawi zambiri imafuna makirediti 120, ndipo ku Maryland lamulo la 2013 lidakhazikitsa nambala imeneyi kukhala muyeso wa mayunivesite a boma, ndi 60 kwa makoleji a zaka ziwiri. Tikagawa 120 m'masemesita 8 tipeza makirediti 15 pa semesita, kutanthauza makosi asanu, kapena maola 45 a ntchito pa sabata.

Lachitatu ndi kawerengedwe ka magiredi. Pa MSCE nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Ku America zili mozondoka: A amabweretsa mapointi 4, B atatu, C awiri, D imodzi, ndipo F alibe kanthu. Mapointi a makosi onse amawaphatikiza n'kupeza chiwerengero chapakati chimene amachitcha GPA. Kuti munthu alandire digiri, chiwerengerochi sichiyenera kutsika pansi pa 2.0, ndipo sukulu zambiri sizivomera giredi yochepera C kapena C- pa makosi a phunziro lalikulu. Choncho D pa kosi ya mbiri yakale angathe kuwerengedwa pa makirediti 120 aja, koma kosiyo n'kuyenera kuibwereza.

Magawo atatu a digiri

Chodabwitsa choyamba kwa wobwera kumene n'chakuti digiri ya mbiri yakale si ya mbiri yakale yokhayokha. Imagawidwa patatu, ndipo mbiri yeniyeniyo imatenga pafupifupi gawo limodzi lokha.

Gawo loyamba ndi maphunziro a onse, amene wophunzira aliyense amatenga kaya akuchita zaumoyo, zamalonda kapena zoimba. Nthawi zambiri amakwana makirediti pafupifupi 40. M'sukulu za boma ku Maryland malamulo amatchula mitundu isanu: kulemba Chingerezi, masamu, sayansi ya zamoyo ndi zachilengedwe, maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndiponso zaluso ndi zolembalemba. Kosi imodzi ya sayansi iyenera kukhala ndi ntchito ya mu labotale. Amene adasankha mbiri yakale pothawa masamu ku sekondale adzakumana nawonso pano, ndipo sangatuluke asadawakhoze. Ku Washington Adventist University, monga m'sukulu zina za mpingowu, gawoli limakhalanso ndi makosi a chipembedzo amene aliyense ayenera kutenga, ndipo makalasi sachitika kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa kufikira Loweruka dzuwa likalowa.

Gawo lachiwiri ndi phunziro lalikulu, limene iwo amalitcha major. Pa mbiri yakale limakhala la makirediti apakati pa 30 ndi 40, kutanthauza makosi 10 mpaka 13. Ku University of Maryland ndi makirediti 39.

Gawo lachitatu ndi makosi odzisankhira, odzaza makirediti otsala. Pano mpamene wophunzira wanzeru amakonzera tsogolo lake. Angathe kutenga phunziro lachiwiri laling'ono, monga ndale, chuma, utolankhani kapena chilankhulo, limene kawirikawiri limafuna makosi asanu kapena asanu ndi imodzi. Wina amagwiritsa ntchito gawoli pokonzekera uphunzitsi kapena sukulu ya zamalamulo.

Makwerero a phunziro la mbiri

Makosi a mbiri yakale adawasanja ngati makwerero, ndipo nambala ya kosi imasonyeza pamene yaima. Oyamba ndi 100 kapena 200 ndi a chaka choyamba ndi chachiwiri, pamene oyamba ndi 300 kapena 400 ndi a zaka ziwiri zomaliza.

Pansi penipeni pali makosi oyendera nthawi yaitali mwachidule. Mbiri ya America imagawidwa pawiri, ndipo malire ake amakhala 1865, chaka chimene nkhondo yapachiweniweni idatha, kapena 1877, pamene asilikali a boma adachotsedwa m'zigawo zakumwera. Mbiri ya dziko lonse nayonso imagawidwa pawiri, nthawi zambiri pa chaka cha 1500. Wochokera ku Malawi amapeza kuti zina za ku Ulaya adazimva kale ku sekondale, koma za ukapolo wa m'minda ya thonje, za malamulo aakulu a 1787 kapena za Amwenye a ku America zimakhala zachilendo, pamene anzake a m'kalasi adakula nazo.

Khwerero lachiwiri ndi kosi ya njira zofufuzira. Iyi ndiyo mtima wa digiri yonse. Ku University of Maryland imadziwika ndi nambala ya HIST208, ndipo amayembekeza kuti wophunzira aitenge asadafike pa semina yomaliza. Imaphunzitsa kusiyanitsa umboni wa nthawi yomweyo ndi zolemba za akatswiri obwera pambuyo, kufunsa kuti adalemba ndani, ankalembera yani ndipo ankafuna chiyani, komanso kusonyeza m'munsi mwa tsamba kumene mfundo iliyonse yachokera, potsata kalembedwe ka Chicago kamene akatswiri a mbiri a m'dzikolo amagwiritsa ntchito.

Chitsanzo cha kwathu chingaunikire bwino. Kuukira kwa John Chilembwe kudayamba pa 23 January 1915. Umboni wa nthawi imeneyo ndi monga kalata imene iye adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 yodandaula za kulowetsa anthu akuda m'nkhondo ya azungu, ndiponso zimene mboni zidanena pamaso pa komiti ya boma la atsamunda imene idafufuza za kuukirako. George Simeon Mwase adalemba nkhaniyi cha m'ma 1932, ndipo idasindikizidwa mu 1967. George Shepperson ndi Thomas Price adatulutsa buku lawo la Independent African mu 1958. Zolemba zinayi zonsezi zikukamba za munthu mmodzi, koma sizilemera mofanana. Mboni yoyankhula pamaso pa akuluakulu a boma, patangopita miyezi yochepa anthu atanyongedwa, siyankhula monga ikadayankhulira pabwalo la kwawo. Ntchito ya wophunzira ndi kuyeza umboni uliwonse, n'kunena chimene ungatsimikize ndi chimene sungathe kutsimikiza.

Khwerero lachitatu ndi makosi apamwamba, amene amalowa mozama m'nthawi imodzi, dera limodzi kapena mutu umodzi. Kuwerenga masamba oposa 100 pa sabata pa kosi imodzi si chachilendo, ndipo magiredi amachokera kwambiri ku zimangirizo ndi kukambirana kwa m'kalasi, osati ku mayeso omaliza okha. Wophunzira amene adazolowera kukhala chete polemekeza aphunzitsi angataye malikisi chifukwa cha ulemu womwewo, pakuti kuyankhula m'kalasi kumawerengedwa. Sukulu zambiri zimafuna kuti theka kapena kuposerapo la makirediti a mbiri likhale la makosi apamwambawa.

Pamalo pomwepa pali lamulo la kufalikira. Munthu saloledwa kuphunzira dera limodzi lokha. Kawirikawiri amafunika kutenga kosi ya America, ya Ulaya, ndi ya madera ena monga Africa, Asia, Middle East kapena Latin America, ndiponso ina ya nthawi zakale kwambiri, mafakitale asadayambe. Pambali pa izo, sukulu zina zimafuna kuti asankhe dera limodzi lozamirapo, n'kutengamo makosi anayi kapena asanu. Apa ndi bwino kuona kukula kwa dipatimenti. Pa sukulu yaing'ono makalasi amakhala a anthu ochepa ndipo mphunzitsi amadziwa aliyense ndi dzina, koma kosi ya Africa ingamaphunzitsidwe kamodzi pa zaka ziwiri. Pa yunivesite yaikulu makosi ndi ambiri, koma kalasi ya chaka choyamba ingakhale ya anthu mazana.

Pamwamba pa makwererowa pali semina yomaliza, imene ku University of Maryland ndi HIST408. Ophunzira ochepa amakhala mozungulira tebulo limodzi, ndipo aliyense amasankha funso lake, amafufuza umboni, n'kulemba chimangirizo cha masamba 20 kapena kuposerapo chokhala ndi mfundo yakeyake. Makosi onse a m'mbuyo aja amakonzekeretsa munthu ntchito imeneyi. Amene adakhoza bwino kwambiri angasankhenso kulemba kafukufuku wotalikirapo wa chaka chathunthu. Ndipo amene wakwanitsa makirediti 12 a mbiri ndi chiwerengero cha 3.1 angalowe m'bungwe la Phi Alpha Theta, limene lidayamba mu 1921 polemekeza ophunzira mbiri ochita bwino.

Chilankhulo china

Digiri ya mtundu wa Bachelor of Arts nthawi zambiri imafuna kuti munthu adziwe chilankhulo china kupatula Chingerezi, kufikira mlingo wapakati. Kwa woyamba kumene, izi zingatenge masemesita atatu kapena anayi. Sukulu zina zimamasula wophunzira amene angasonyeze umboni wakuti amalankhula ndi kulemba chilankhulo cha kwawo, choncho wolankhula Chichewa ayenera kufunsa msanga, atanyamula satifiketi ya MSCE yosonyeza kuti adalemba phunziroli.

Ngakhale zitatero, amene akufuna kudzafufuza mbiri ya Amaravi angachite bwino kuphunzira Chipwitikizi. Zolemba zakale kwambiri zonena za Kalonga, Lundu ndi Undi zili m'chilankhulo chimenechi. Gaspar Bocarro adadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. António Gamitto, amene adayenda ulendo wa kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, adalemba zambiri za miyambo ya Achewa m'buku limene lidatuluka ku Lisbon mu 1854. Wodziwa Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi amatha kuika pamodzi zimene agogo amakamba ndi zimene alendo adalemba, ndipo anthu otero ndi ochepa.

Nkhokwe za zikalata zili pafupi

Chimene chimasiyanitsa Takoma Park ndi matauni ena a makoleji ndi kuyandikana kwake ndi nkhokwe zazikulu za zikalata. Laibulale ya Library of Congress, imene ili m'gulu la malaibulale aakulu kwambiri padziko lonse, imafikirika pa sitima ya Metro. Aliyense wa zaka 16 kapena kuposerapo angalandire khadi lowerengera kwaulere atasonyeza chiphaso chokhala ndi chithunzi, ngakhale kuti mabuku satuluka nawo panja. Ili ndi chipinda chapadera cha zolemba za ku Africa ndi Middle East.

Ku College Park kuli nyumba yachiwiri ya National Archives, imene idatsegulidwa mu 1994. Kumeneko kumasungidwa zikalata za unduna wa zakunja wa America, kuphatikizapo malipoti amene akazembe ankatumiza onena za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, za nthawi ya chipwirikiti imene idalengezedwa pa 3 March 1959, ndi za kugawanika kwa nduna mu 1964. Kulinso zikalata za bungwe la Peace Corps, limene antchito ake adayamba kufika ku Malawi mu 1963. Ku Howard University kuli Moorland-Spingarn Research Center, nkhokwe yotchuka ya mbiri ya anthu akuda a ku Africa ndi kunja kwake.

Ku Silver Spring kuli nkhokwe ya zikalata ya likulu la mpingo wa Adventist. Mishoni ya Malamulo ku Thyolo idayamba mu 1902, pamene mpingowu udagula malo a Plainfield n'kutumizako Joseph Booth ndi Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, pamodzi ndi banja lake. Dzina lakuti Malamulo lidabwera mu 1907. Malipoti a amishonale okhudza sukulu, chipatala ndi ntchito yothandiza odwala khate adasindikizidwa m'magazini a mpingowu, ndipo ambiri mwa magaziniwa adaikidwa pa intaneti, moti ngakhale wophunzira wa ku Zomba kapena ku Ntcheu angawawerenge.

Zikalata zonsezi zidalembedwa ndi alendo, ndipo zimaona Malawi ndi maso a alendo. N'chifukwa chake wofufuza wosamala amaziyerekeza ndi zimene zili ku National Archives of Malawi ku Zomba, ndi zolemba za Amalawi eni ake monga Samuel Josia Ntara, mlembi wa Mbiri ya Achewa, komanso ndi umboni wapakamwa. Njira yogwiritsa ntchito umboni wapakamwa idakula kwambiri ku University of Wisconsin pansi pa Jan Vansina, ndipo kumeneko n'kumene Kings Phiri adamalizira digiri yake ya udokotala pa mbiri ya Achewa mu 1975.

Njira yodzera ku koleji ya zaka ziwiri

Mabanja ambiri amasankha kuyambira ku Montgomery College chifukwa fizi yake ndi yotsika poyerekeza ndi ya yunivesite, ngakhale kuti wochokera kunja amalipira zambiri kuposa wokhala m'bomalo. Pa zaka ziwirizo wophunzira amamaliza maphunziro a onse ndi makosi oyambirira a mbiri, n'kulandira digiri yaing'ono ya makirediti 60. Kenako amapempha malo ku yunivesite kuti akamalize theka lotsalalo.

Chofunika kusamala n'chakuti si kosi iliyonse imene yunivesite ingaiwerenge monga mmene wophunzira amaganizira. Ina imalandiridwa ngati yodzisankhira chabe, osati ngati ya phunziro lalikulu. Ku Maryland kuli nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa ARTSYS imene imasonyeza kuti kosi yakuti ya ku koleji ikufanana ndi iti ya ku yunivesite, ndipo ndi bwino kuyang'anamo musadalembetse, osati mutamaliza. Makosi apamwamba, a nambala ya 300 ndi 400, saphunzitsidwa ku koleji ya zaka ziwiri. Ndiponso mayunivesite ambiri amafuna kuti makirediti 30 omaliza atengedwe pa sukulu imene ikupereka digiriyo.

Amene adayamba kale maphunziro ku University of Malawi, ku Mzuzu University kapena ku University of Zambia angapemphe kuti makosi awo awerengedwe. Zotsatira zawo zimayenera kuyamba zaunikidwa ndi bungwe lovomerezeka, monga World Education Services, ndipo dipatimenti imafuna kuona ndondomeko ya kosi iliyonse. Choncho mapepala amene aphunzitsi amagawa tsiku loyamba la semesita ndi ofunika kuwasunga.

Malamulo a wophunzira wochokera kunja

Wobwera ndi chiphaso cha F-1 ali ndi zofunika zina zowonjezera. Ayenera kutenga makirediti osachepera 12 pa semesita, ndipo mwa amenewa atatu okha ndi amene angakhale a kosi ya pa intaneti. Akasiya kosi pakati pa semesita n'kutsika pansi pa 12 popanda chilolezo cha mkulu woona za ophunzira akunja pa sukulupo, chilolezo chake chokhalira m'dzikolo chimakhala pangozi. Amaloledwa kugwira ntchito pa sukulupo maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya maphunziro.

Apa pali msampha wa masamu. Makirediti 12 amakwaniritsa lamulo la chiphaso, koma samaliza digiri m'zaka zinayi. Tikagawa 120 ndi 12 tipeza masemesita 10, kutanthauza zaka zisanu. Wophunzira amene akutenga makosi anayi m'malo mwa asanu kuti apeze mpata wa ganyu angaganize kuti akupulumutsa ndalama, chonsecho akuwonjezera chaka chathunthu cha fizi, nyumba ndi chakudya.

Malamulo a ziphaso nawonso sakhalitsa. Mu 2025 boma la America lidakhwimitsa malamulowa kwa nzika za mayiko angapo, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia. Banja lisadalipire ndalama iliyonse ku sukulu, liyenera kufunsa ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kapena ku Lusaka za mmene zinthu zilili pa nthawiyo.

Kumene ambiri amapunthwa

Zolakwa zimene zimachedwetsa ophunzira n'zodziwika, ndipo zambiri n'zopeweka. Choyamba ndi kuzengereza kutenga kosi ya njira zofufuzira. Popeza semina yomaliza imadalira kosi imeneyi, kuchedwa nayo kumakankhira zonse kutsogolo. Chachiwiri ndi kusiya masamu ndi chilankhulo kufikira chaka chomaliza, pamene mpata wobwereza watha. Chachitatu ndi kutsata buku la malamulo lolakwika. Nthawi zambiri wophunzira amamangidwa ndi buku la chaka chimene adalowera, osati limene mnzake wa chaka china akugwiritsa ntchito.

Chachinayi, ndipo choopsa kuposa zonse, ndi kukopera mawu kapena maganizo a wina popanda kumutchula. Ku sukulu zambiri za kwathu kubwereza mawu a m'buku ndendende kumaoneka ngati umboni wa khama. M'dipatimenti ya mbiri ku America ndi mlandu umene ungabweretse F pa kosi yonse, mwinanso kuchotsedwa sukulu. Kupereka chimangirizo cholembedwa ndi pulogalamu ya kompyuta mphunzitsi asadalole kumagwera m'gulu lomweli.

Wophunzira aliyense amapatsidwa mlangizi wa maphunziro, ndipo aphunzitsi amakhala ndi maola oikika olandira aliyense wofuna thandizo. Kugogoda pa chitseko cha pulofesa si mwano, ndi mbali ya zimene fizi idalipira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pano phulalo mtengo wake ndi wa madola.

Digiriyi imapita kuti ndi mwini wake

Funso limene makolo amafunsa n'lakuti mwana adzadya chiyani. Funsoli si la kwathu kokha. Pakati pa 2008 ndi 2017 chiwerengero cha omaliza digiri ya mbiri yakale ku America chidatsika ndi pafupifupi 30 peresenti, pamene achinyamata ambiri adatembenukira ku makompyuta ndi zaumoyo. Bungwe la American Historical Association, limene lidayamba mu 1884 ndipo likulu lake lili ku Washington, lakhala likulimbikitsa madipatimenti kufotokoza momveka luso limene digiriyi imapereka: kuwerenga zambiri mofulumira, kuyeza umboni, ndi kulemba mfundo yomveka.

Ena mwa omaliza amapita ku uphunzitsi, koma digiri ya mbiri payokha sipereka chilolezo chophunzitsira m'sukulu za boma ku Maryland. Pamafunika makosi a uphunzitsi, nthawi yoyeserera m'kalasi ndi mayeso a boma. Ena amapita ku sukulu ya zamalamulo, imene ku America munthu amalowa atamaliza kaye digiri yoyamba. Enanso amagwira ntchito m'nyumba zosungira zakale, m'malaibulale, m'nyumba zofalitsa nkhani ndi m'mabungwe. Wochokera kunja angapemphe chilolezo chogwira ntchito yogwirizana ndi maphunziro ake kwa miyezi 12 akamaliza, koma miyezi 24 yowonjezera imene a sayansi ndi uinjiniya amapatsidwa sifika kwa a mbiri yakale. Wobwerera kumudzi ayenera kuonetsetsa kuti sukulu yake ndi yovomerezeka. M'dera la Maryland bungwe lovomereza ndi Middle States Commission on Higher Education, ndipo ku Malawi digiri yakunja imaunikidwa ndi National Council for Higher Education.

Njirayi idapondedwa kale. Chilembwe adapita ku America ndi Booth mu 1897, adaphunzira ku Lynchburg m'chigawo choyandikana cha Virginia, ndipo adabwerera mu 1900 kukayambitsa mishoni yake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Hastings Kamuzu Banda, asadayambe maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, adamaliza digiri yake yoyamba ku University of Chicago mu 1931, ndipo mbiri yakale ndiyo idali phunziro lake. Ali kumeneko adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa imene idatuluka mu 1937.

Amene akulingalira zotsata mapazi amenewa ayambe ndi ntchito yaing'ono. Atsegule buku la malamulo a maphunziro la sukulu imene akuifuna, lomwe limapezeka kwaulere pa intaneti. Atenge pepala, ajambule mabokosi 8, limodzi pa semesita iliyonse, n'kulemba makosi asanu m'bokosi lililonse, kuyambira pa semina yomaliza kubwerera m'mbuyo. Ngati mabokosiwo akwana makirediti 120, kosi ya njira zofufuzira ili m'chaka chachiwiri, ndipo masamu ndi chilankhulo zili koyambirira, ndiye kuti banja likudziwa chimene likulipira ndiponso chaka chimene lingayembekezere mwana wake.